Wowerenga Matumba ku Msasa

Ndimafika ku Msasa kukadali mbuu,
fumbi la ku Epworth lili m'nsapato,
kukuwa kwa makondakitala kukadali m'makutu.
Nditsekula loko, ndiyatsa getsi,
makoswe athawira kuseri kwa matabwa.

Ntchito yanga ndi kuwerenga.
Matumba a ufa wa phala, chimanga chosakaniza ndi soya,
lililonse ladindidwa mtanda wobiriwira
ndi dzina la mpingo wa kutsidya la nyanja
komwe sindidzapondako.
Akuti kumeneko amayi a imvi amaphika makeke Lamlungu
n'kumagulitsana okhaokha pakhomo la tchalitchi.
Makekewo ndi awa andipinda msanawa.

Mazana atatu a ku Binga.
Zana limodzi ndi theka a ku Mbire,
komwe Jailosi dalaivala akuti njovu zimaima pamsewu
ngati apolisi ofuna ya fanta.

Jailosi akabwerako, lole itafiira dothi mpaka pagalasi,
amandiuza za ana amene sindinawaonepo:
amabwera ndi makapu, zitini, wina chivundikiro cha poto,
afola pansi pa mlambe,
aphunzitsi ati tsinzinani tipemphere,
iwo atsinzina diso limodzi,
linalo likulondera chipande.
Pali kamtsikana, Luyando,
kamadya masipuni asanu, kuwerenga ndithu,
kotsalako kavindikira ndi kope la masamu
kupita nako kwa mng'ono wake wosayamba sukulu.
Makilomita asanu ndi awiri, phala litazizira kale.

Mu ofesi Mai Chikomo akusankha zithunzi zotumiza kunja.
Uyu ayi, wavala nsapato.
Uyu waseka mopitirira.
Uyu eya, maso ake akulankhula.

Tsiku lina ndinavula chipewa kwa Abusa Mudzingwa.
Ndinati, Abusa, kwanga kuli Tinyade,
ali giredi yachitatu,
amapita kusukulu atamwa madzi otentha othira mchere.
Sanandikalipire, ndi munthu wabwino.
Anatambasula mapu patebulo,
chala chawo chinayenda ulendo wautali kukafika ku Zambezi,
n'kubwerera, n'kuphimba Harare ndi Epworth pamodzi.
Anati, Likisho mwanawanga, mwayandikira kwambiri.
Opereka analemba kuti ndi za ana akutali.

Ndinafuna kunena kuti agogo anayenda wapansi kuchokera ku Dedza,
anafera m'munda wa fodya wa mwini,
ndipo mpaka lero anzathu amatitcha obwera.
Kutali kwina nkotani?
Koma ndinavala chipewa changa,
lole inali kudikira.

Lachinayi thumba linakodwa ndi msomali.
Ufa unati waa pa simenti, makapu atatu mwina.
Lamulo likuti sesa, yeza, lemba kuti zatayika.
Ndinasesa.
Chitini changa cha chakudya chamasana chinali apo, chopanda kanthu,
kukamwa yasa ngati mwana wa mbalame.
Ndinaima nthawi yaitali tsache lili m'manja.
Luyando, sindikudziwa nkhope yako,
koma masipuni ako asanu aja anandigwira dzanja.
Ndinasefa mchenga ndi mpango,
ndinabwezera, ndinasoka thumba ndi chingwe cha nayiloni,
m'buku ndinalemba kuti zonse zakwana.

Musanditame. Ndinatukwana njira yonse
kuyambira pa Chiremba mpaka pa miyala yosanjikizana ija.

Madzulo Tinyade amandivula ovolosi,
akaiyanika pa waya, n'kuikwapula ndi kamtengo.
Fumbi loyera lituluka, mtambo waung'ono
umene sunalembedwe m'buku la munthu aliyense.
Iye aima pansi pake, maso ali tsinzi onse awiri,
atulutsa lilime.
Akuti, Ababa, lero mukukoma shuga.

Mawa ndi matumba mazana awiri a ku Gokwe.
Ambuye, Inu amene munawerenga mikate isanu
n'kutsala madengu khumi ndi awiri,
madengu otsalawo munawapereka kwa yani?
Ndikungofunsa. Ndine wowerenga chabe.